Kusintha paipi ya ekizozi pa galimoto ya rimoti yoyendera nitro

Paipi yanga yoyamba ndinaimanga m'mphindi khumi zokha. Inali ya aluminiyamu, yonyezimira kuwawa m'maso, ndipo nditaliza injini kulira kwake kunandikomera moti sindinaganizeko zogwira singano za kabuleta, timasikuluwu toyeza mafuta olowa mu injini. Thanki yoyamba isanathe utsi unasiya kuoneka, injini inayamba kubanika ndikaponda moto wonse, kenako inangoti zii pakati pa bwalo. Nditamasula glow plug, pulagi yoyatsa mafuta mu injini, ndinapeza kawaya ka m'kati katapsa n'kupindika. Paipiyo inalibe vuto. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinkaiona ngati chokongoletsera galimoto, pamene pa injini ya nitro (mafuta apadera a tigalimotiti) paipi ndi chiwalo chopumira ndiponso ndi imene imakankha mafuta kuchoka mu thanki. Mukaisintha, mwasintha kapumidwe ndi kamwedwe ka injini nthawi imodzi.

Mumve kaye zimene zimachitika m'kati mwake

Injini za magalimotowa ndi za two-stroke. Zilibe mavavu, pisitoni ndiyo imatsegula ndi kutseka timabowo ta m'mbali mwa silinda. Vuto lake n'lakuti pali kanthawi kamene bowo lotulukira utsi ndi mabowo olowera mafuta amakhala otsegula limodzi, ndiye mafuta ena osapsa amathawira ku ekizozi. Paipi yabwino imawabweza.

Pisitoni ikangotsegula bowo la utsi, mpweya wotentha umatuluka mwamphamvu ngati funde, n'kudutsa mu header, kachitsulo kopindika kochokera pa injini. Ukafika pamene paipi imayamba kukula, pamabadwa funde lokoka limene limabwerera ku silinda kukayamwa utsi wotsala, ndipo limakokanso mafuta atsopano. Funde loyamba lija limapitirira mpaka kumene paipi imayambanso kuchepa, likagunda pamenepo limabwerera likukankha, n'kulowetsanso mu silinda mafuta amene anali atatulukira mu header, pisitoni itangotsala pang'ono kutseka bowo. Pa liwiro la maulendo 30,000 pa mphindi, zimenezi zikuchitika ka 500 pa sekondi imodzi. Nzeruyi sinayambire pa tigalimoto tathu ayi. Amene anaikhwimitsa ndi Walter Kaaden, katswiri wa kampani ya njinga zamoto ya MZ ku East Germany, m'zaka za m'ma 1950.

Chimene muyenera kutolapo ndi chimodzi: fundelo liyenera kubwerera pa nthawi yake. Njira ikakhala yaitali limachedwa, ndipo limagwirizana ndi injini ikamazungulira pang'onopang'ono, kotero galimoto imakhala ndi mphamvu podzuka. Njira ikakhala yaifupi limafulumira, mphamvu imasamukira kumapeto kwa liwiro. Palibe paipi imene ingakupatseni zonse ziwiri mokwana, ngakhale wogulitsa atalumbira bwanji.

Kusankha

Yambani ndi kukula kwa injini. Paipi imapangidwira injini ya kukula kwakutikwakuti, ndipo manambala mudzawaona pa phukusi: .12, .15, .18, .21, .28. Injini ya .15 ndi ya 2.5cc, ya .21 ndi 3.5cc, ya .28 ndi 4.6cc. Magalimoto a T-Maxx ndi Revo a kampani ya Traxxas ambiri amabwera ndi injini ya TRX 3.3, pamene Savage X 4.6 ya kampani ya HPI dzina lake likunena kale kukula kwa injini. Mukaika paipi ya .28 pa kainjini ka .15, mimba ya paipi imakulitsa, funde limafooka, thanki silandira mpweya wokwanira, ndipo mudzathera masana onse mukupotokola singano osapeza pabwino. Paipi yaing'ono pa injini yaikulu imaitsamwitsa n'kuitenthetsa.

Kenako suzumirani pa injini yanu muone kumene utsi umatulukira. Ina imatulutsira m'mbali, ndipo header yake imamangidwa ndi timabawuti tiwiri. Ina imatulutsira kumbuyo pa kamwa lozungulira, header yake imagwidwa ndi sipulingi. Ziwirizi sizisinthanitsika. Ngati injini yanu ili ndi chingwe cholizira kapena kamota kolizira kumbuyo, header iyenera kukhala yopindika mokwanira kuzilambalala. Anthu ambiri amagula paipi yoyenera koma header yolakwika, n'kudzazindikira zonse atamasula kale.

Pa nkhani ya mphamvu, maganizo anga ndi awa. Monster truck, monga T-Maxx kapena Savage, ndi yolemera, matayala ake ndi akuluakulu, ndipo nthawi zambiri imakhala ikudzuka, kuima, kukwera chulu, kudzukanso. Malo othamanga molunjika kwa masekondi ambiri amapezeka mwa apo ndi apo. Choncho paipi yopatsa mphamvu podzuka ndi pakati ndiyo imapindula. Paipi ya liwiro la kumapeto imakoma pomva, koma pa galimoto yolemera imachititsa kuti kilatchi izingoterereka ndi kutentha injini isanafike pamene paipiyo imayambira kugwira ntchito. Amene muli ndi stadium truck yopepuka yothamanga pamalo osalala, inuyo mukhoza kusankha yaifupi.

Ngati mumapikisana nawo, funsani okonza mpikisano musanagule. Mabungwe monga EFRA ku Ulaya ndi ROAR ku America ali ndi malamulo a phokoso ndi a mapaipi ovomerezeka, ndipo mapaipi ovomerezedwa ndi EFRA amadindidwa nambala pathupi pake. Mapaipi okhala ndi zipinda ziwiri kapena zitatu m'kati amalira motsikirapo kusiyana ndi a chipinda chimodzi, zomwe anansi anu adzayamikira ngakhale simupikisana.

Mawu amodzi kwa amene injini yawo ndi yatsopano: malizani kaye kuizoloweretsa ndi paipi imene inabwera nayo. Ndipo ngati injini yatha kale, moti flywheel, chitsulo chozungulira cha pa injini, mukuizungulitsa ndi chala popanda kulimba kulikonse pisitoni ikafika pamwamba, paipi siibweza mphamvu imene yathawira pakati pa pisitoni ndi silinda. Ndalamazo zipite ku pisitoni ndi sleeve, kachubu ka m'kati mwa silinda kamene pisitoni imayendamo.

Musanamasule chilichonse

Ikani pafupi gasiketi yatsopano, coupler yatsopano ya silikoni (kachubu kolumikiza header ndi paipi) ngati paipi yanu ndi yolumikiza ndi coupler, tizingwe ta zip tie, kapaipi katsopano ka silikoni ka mafuta, makiyi a Allen, pulayasi yosongoka, threadlock ya buluu (guluu woletsa mabawuti kumasuka), sipiliti ndi kansalu koyera. Gasiketi yakale musaibwezeretse. Imaoneka yabwino, koma moto unaiumitsa kale.

Tsanulani mafuta onse mu thanki ndipo dikirani injini izizire. Jambulani chithunzi cha mmene timapaipi tadutsira, chidzakuthandizani pobwezeretsa. Kenako lembani pamene singano yaikulu ya pa kabuleta ili: imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga maulendo mpaka itangokhudza pansi, osaikakamiza chifukwa nsonga yake imaonongeka msanga, lembani nambalayo papepala, n'kuimasulanso maulendo omwewo. Zinthu zikasokonekera mudzakhala ndi pobwerera.

Tsukani paipi yatsopanoyo m'kati. Ambiri amalumpha apa. Popanga paipi pamatsalira tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo mwamva kale kuti funde limabwerera ku silinda. Lingathe kunyamula kachidutswa n'kukakanda pisitoni pa tsiku loyamba. Thiranimo sipiliti, tsekani mbali zonse ndi zala, khutchumulani, tsanulirani pa pepala loyera. Mukaona tonyezimira, bwerezani. Poti ili m'manja, iyeseninso ngati ikudontha: tsekani kukamwa ndi kumchira, uzirani pa kansonga kolumikizapo kapaipi ka ku thanki, paipi ili m'madzi. Thovu lililonse lotuluka pamsoko kapena patsinde pa kansongako ndi bowo. Iumitseni bwino musanaimange.

Kuchotsa yakale ndi kumanga header

Pukutani kaye fumbi lonse lozungulira kamwa la ekizozi, chifukwa mukachotsa header silinda imakhala pamtunda. Zulani kapaipi ka ku thanki, masulani kasikuluwu kogwira waya wonyamula paipi, dulani ma zip tie, paipi ichoke. Ndiye header. Sipulingi ikokeni ndi pulayasi mutaigwira zolimba, nkhope mutaitalikitsa, chifukwa ikapulumuka simudzaionanso. Zungulitsani flywheel mpaka pisitoni itatseka bowo, kapena tsekanipo ndi kansalu koyera. Palani zotsalira za gasiketi yakale ndi kapulasitiki kapena chikhadabo, osati mpeni.

Pa injini yotulutsira m'mbali, ikani gasiketi, dontheza kadontho ka threadlock pa bawuti iliyonse, ndipo mangani mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kuti header ikhale mosapendekeka. Mazinga ake ali mu aluminiyamu wofewa. Bawuti ikalimba, siyani, musawonjezere kamodzi komaliza kaja kamene kamathyola zinthu. Pa yotulutsira kumbuyo, valikani gasiketi ya silikoni pakamwa pa injini, kankhani header mpaka itakhala, kolowekani sipulingi mbali imodzi, izungulitseni pa injini mmene yakale inadutsira, n'kuikoloweka mbali inayo. Header iyenera kutembenuka movutikira mukaipotoza ndi dzanja. Ikamagwedera, sipulingi yatha mphamvu.

Coupler, pamene ntchito yambiri imaonongekera

Pukutani ndi sipiliti kumapeto kwa header, kukamwa kwa paipi ndi m'kati mwa coupler. Pakakhala mafuta ngakhale ochepa, silikoni imaterereka ikatentha ndipo paipi imavuka galimoto ili pa liwiro. Lowetsani header mbali imodzi, paipi mbali inayo, koma zitsulo ziwirizi zisakhudzane m'katimo. Siyani mpata wa mamilimita awiri kapena atatu. Zikakhudzana zimadyana ndi kunjenjemera kwa injini, zimatulutsa phulusa lakuda la aluminiyamu, ndipo pa mawailesi akale kukhulana kwa zitsulo kumasokoneza rimoti. Mpatawo ukakulitsanso, utsi wotentha umamenya silikoni mwachindunji, imafufuma ngati chibaluni n'kuphulika.

Mpatawu mungaumve ndi chala pofinya coupler pakati. Ma zip tie akhale kuseri kwa kamlomo kotukuka kamene kali kumapeto kwa header ndi kwa paipi, limodzi uku lina uko, osati pamwamba pa mpata. Musawamangitse mpaka kudula silikoni.

Mapaipi ena amalumikizana ndi header ndi timasipulingi titatu ndi gasiketi pakati, popanda coupler. Awa sachedwa kumanga ndipo savuka wamba, koma kutalika kwake n'komweko, simungakusinthe pokhapokha mutagula header ina.

Musanamangitse ma zip tie, gwirizitsani paipi pa galimoto muone mmene yakhalira. Isakhudze thanki, bokosi la mabatire, mawaya a servo (timamota tomvera rimoti), kapena tayala mukakhotetsa mpaka kumapeto ndi kupanikiza ma shock pansi. Waya wonyamula paipi mupindeni kuti afike yekha pa bowo lake paipi ili pamalo pake. Musakoke paipi kuti itsate waya, chifukwa idzakhala ikukoka header nthawi zonse ndipo gasiketi idzayamba kudontha. Kasikuluwu kogwira wayayo kaikeni threadlock. Kamchira kotulukira utsi kaloze kunja ndi pansi pang'ono kuti mafuta otsalira azituluka okha, koma kasaloze pa tayala kapena pa mabuleki. Ngati bodi ikutchinga, boolani bowo lokulirapo kuposa kamchirako, apo ayi pulasitiki isungunuka. Kachubu ka labala kokhotetsa utsi n'kothandiza pa ukhondo, bola kakhale kakafupi ndi kosapindika, chifukwa kakafinyika kamatsamwitsa injini.

Kapaipi kopita ku thanki

Injini zimenezi zilibe pampu ya mafuta. Mpweya wa mu ekizozi ndiwo umadutsa mu kapaipi aka, n'kudzaza pamwamba pa mafuta mu thanki, n'kuwakankhira ku kabuleta. Ndiye kabowo kochepa ngati ka singano yosokera pa kapaipika n'kokwanira kuimana injini mafuta. Ikani katsopano, kotalika mofanana ndi kakale. Mukakafupikitsa kwambiri mafuta amachita thovu ndi kugunda kwa utsi, mukakatalikitsa kwambiri mpweya umachedwa kufika mukaponda moto. Kadutse kutali ndi flywheel ndi magiya. Onaninso labala ya pa chivundikiro cha thanki, chifukwa mpweya ukamathawira pamenepo zonse mwachitazi zapita pachabe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani mafuta, tsekani kamchira ka paipi ndi chala, kokani chingwe kangapo popanda kuyatsa pulagi. Muone mafuta akuyenda mu kapaipi kupita ku kabuleta. Akangofika chotsani chala, mukapitiriza injini imwa mopitirira. Musauzire ndi pakamwa mu kapaipi kamene kadutsamo mafuta. Mafuta a nitro mbali yaikulu ndi methanol, amene ndi poizoni, ndipo akayaka masana moto wake suoneka bwino.

Kutchuna, kumene ndinalumpha ine

Masulani singano yaikulu kota ya ulendo umodzi kuchokera pamene munalemba paja. Kumasula kumawonjezera mafuta, kumanga kumachepetsa. Tikuyambira kochuluka chifukwa paipi yopuma bwino imakoka mpweya wambiri, umene umafuna mafuta ambiri, ndiponso ngati kamchira katsopano n'kotakasuka kuposa kakale, mpweya wopita ku thanki umachepa. Mafuta a nitro ndi omwenso anyamula oilo wofewetsa injini, ndiye kuimana mafuta n'kuimananso oilo. Injini yomwa kwambiri imangochita ulesi. Yomanidwa imapsa.

Lizirani panja, osati m'nyumba kapena mu galaja yotseka. Yatsani rimoti poyamba, galimoto pambuyo, ndipo onetsetsani kuti mabuleki akugwira. Iyendetseni mofatsa mphindi zingapo kuti itenthe, chifukwa injini yozizira imanama. Ikatentha, ithamangitseni moto wonse molunjika kawiri kapena katatu. Idzalira mokhuthala ngati ili ndi chimfine, utsi uli tolotolo. Bwezani, mangani singano pang'ono, muyezo wa ola limodzi pa nkhope ya wotchi, thamangitsaninso kawiri musanagwirenso. Injini imatenga kanthawi kuti iyankhe, ndipo wopotokola mopupuluma amapitirira pabwino osadziwa. Ulendo uliwonse kulira kumayera, liwiro limakwera. Padzafika pamene mwamanga koma liwiro silinawonjezeke. Pamenepo bwererani m'mbuyo ola limodzi kapena awiri, ndipo musiye pomwepo. Kautsi kopyapyala kazionekabe galimoto ikamadzuka. Ikayamba kudukiza pa moto wonse, kapena kuchita ngati yatha mafuta thanki ili yodzaza, imani msanga n'kumasula singano.

Kutentha kuyezeni pamutu pa injini, pafupi ndi pulagi. Injini zambiri zimakhala bwino pakati pa madigiri 105 ndi 120 a Celsius, ndipo Traxxas imachenjeza kuti zake zisapitirire 270 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 132 a Celsius. Wopanda choyezera adonthezepo kadontho ka madzi: kakamaphwa pakatha masekondi atatu kapena anayi zili bwino, kakangoti tswee n'kuzimiririka nthawi yomweyo yatenthetsa. Koma musatchune pothamangitsa nambala. Choyezera ndi mlonda chabe, makutu ndi utsi ndizo zikuuzeni.

Singano yaing'ono, ya podzuka, ibwere pambuyo. Galimoto itaima injini ikulira, finyani kapaipi ka mafuta pafupi ndi kabuleta. Iyenera kulira masekondi awiri kapena atatu, kukweza mawu pang'ono, n'kuzima. Ikazima nthawi yomweyo, ikumanidwa, masulani pang'ono. Ikapitirira masekondi anayi kapena asanu, ikumwa kwambiri. Singano iyi imamva msanga kuposa yaikulu, ndiye muziisuntha pang'ono zedi. Mukatha, konzani sikuluwu ya idle, yosunga injini ikulira galimoto itaima, kuti mpata wa mu kabuleta ukhale pafupifupi milimita imodzi, matayala asamazungulire galimoto mukainyamula.

Ngati mwatchuna bwino koma mukuona kuti podzuka ndi yaulesi pamene kumapeto ikuuluka, talikitsani njira: header yotalikirapo, kapena kokerani paipi kunja mamilimita ochepa mu coupler. Ngati ikudzuka mwaukali koma ikufika msanga pamene siwonjezeranso, mungafupikitse header podula mamilimita awiri kapena atatu ulendo umodzi, kusalaza m'mphepete, kutsuka, n'kuyesa. Chodulidwa sichimeranso, ndiye ine ndimayamba ndayesa giya: clutch bell (giya ya pa kilatchi) ya dzino limodzi lowonjezera nthawi zambiri imathetsa nkhaniyo popanda sowo. Pa galimoto ya magiya awiri mungapezenso kuti yayamba kusintha giya msanga kapena mochedwa, chifukwa injini ikufika pa liwiro lake nthawi yosiyana ndi kale. Kasikuluwu kake kali mu giyabokosi, ndipo buku la galimoto yanu likusonyezani mbali yopotolera.

Pozimitsa, finyani kapaipi ka mafuta. Kutseka kamchira ndi nsalu kumazimitsanso, koma kumakankhira mafuta ambiri mu injini ndipo idzavuta kulizanso, osanena za chala chopsa.

Thanki yoyamba ikatha, dikirani zizizire, muyendere ntchito yanu ndi kansalu koyera. Pukutani kuzungulira gasiketi ndi mbali zonse za coupler. Mafuta oyera kapena ofiirira pamalo amenewa ndiye kuti pakudontha. Akuda ngati makala ndiye kuti zitsulo zikudyana m'kati, bwezeretsani mpata uja. Timabawuti ta header timakonda kumasuka tikatentha koyamba, tiyeseni ndi kiyi. Silikoni nayonso imafewa n'kuphwa pang'ono, moti ma zip tie amene anali olimba m'mawa mudzawapeza akuzungulira ndi chala. Akokeni kadzino kamodzi kapena tiwiri, pendeketsani galimoto kamchira kaloze pansi kuti oilo wosonkhana mu paipi atsanuke, kenako thirani thanki yachiwiri.